Makina a m'labotale ya uinjiniya: agule ndani, kholo, boma kapena kampani?

Wophunzira za malamulo akapeza mphunzitsi, mabuku ndi pokhala, sukulu yayamba. Wa uinjiniya zimenezo sizimukwanira. Kuti adziwe kulimba kwa konkire amayenera kuisakaniza yekha, kuithira m'kabokosi ka mamilimita 150 mbali zonse, kuiviika m'madzi mpaka masiku 28 atakwana, kenako n'kuipana m'makina mpaka itasweka, maso ali pa nambala imene makinawo akuonetsa. Wa zamagetsi amafuna oscilloscope yomuonetsa mmene magetsi akuyendera m'waya, wa zamakina amafuna lathe yosemera chitsulo, woyeza malo amafuna total station. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zipangizo zimenezi chimene chimapangidwa ku Ndirande kapena ku Kanengo. Zimachokera kutsidya kwa nyanja, zambiri n'kulowera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo wogulitsa wake salandira kwacha.

N'chifukwa chake nthawi ndi nthawi pamabuka ganizo lakuti ophunzira a uinjiniya azilipira kandalama kena pamwamba pa fizi, koti kazipita ku labotale. Ganizoli si lopusa, ndipo m'mayiko ena likugwira ntchito. Koma tisanaliyerekeze ndi njira zina, pali chinthu chimodzi chimene okangana ambiri amachilumpha, chimene chimasintha mayankho onse.

Ndalama za labotale zili pawiri. Pali zogulira makina aakulu, zimene zimatuluka kamodzi pa zaka khumi kapena makumi awiri, zambiri nthawi imodzi, ndipo zimatuluka m'madola. Ndiye pali zoyendetsera labotale tsiku ndi tsiku: simenti, mchenga, ndodo zowotcherera, mawaya, timagawo ta pa bolodi timene timapsa wophunzira akalumikiza molakwika, oyilo, dizilo wa jenereta magetsi akathima, magolovesi, ndi malipiro a munthu wobwera kudzayeza ngati makina akuwerengabe molondola. Izi n'zochepa pa nthawi imodzi koma sizitha, ndipo gawo lalikulu limagulika ndi kwacha. Malabotale ambiri amene amaoneka akufa sanafe chifukwa chosowa makina. Makina alimo, atafunditsidwa pulasitiki, akudikira kachipangizo kamodzi kamene kanapsa zaka zitatu zapitazo. Njira iliyonse tiyenera kuifunsa kuti: pa ndalama ziwirizi, iwe ungakwanitse ziti?

Fizi yoonjezera ya labotale

Ubwino wake ndi woonekeratu. Amene akugwiritsa ntchito makina ndi amene akulipira, ndipo wophunzira za ubizinesi sakusenzetsedwa katundu wa mnzake. Ndalama imabwera chaka chilichonse, pa nthawi yodziwika, osadikira Nyumba ya Malamulo kapena mzungu wa ku Washington. Ochirikiza njirayi amanenanso kuti injiniya akamaliza amadzalandira bwino, ndiye kulipira kochulukirapo lero sikumulakwira. Ku America mayunivesite ambiri a boma amachita zimenezi: pa University of Illinois ku Urbana-Champaign, mwachitsanzo, wa uinjiniya amalipira ndalama zambiri kuposa wophunzira mbiri yakale ngakhale akugona m'chipinda chimodzi.

Tsopano tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti yunivesite ili ndi ophunzira a uinjiniya 1,000 ndipo aliyense wauzidwa kuonjezera K100,000 pa chaka. Zonse pamodzi ndi K100 miliyoni, ndalama yomveka yambiri ikamatchulidwa pa wailesi. Kumayambiriro kwa Novembala 2023, dola imodzi ku banki inali pafupifupi K1,180, ndiye ndalamayo ikanagula madola pafupifupi 85,000. Banki yaikulu ya Reserve itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mwezi womwewo, dola inafika pafupifupi K1,700, ndipo K100 miliyoni yomweyo inatsala ndi mphamvu yogula madola 59,000 okha. Palibe anaba, palibe anawononga, koma gawo lalikulu la makina linasungunuka usiku umodzi. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Meyi 2022, kwacha inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Ndipo apa tikunena za mtengo wa ku banki, poganiza kuti bankiyo ili nawo madolawo, chimene wochita malonda aliyense m'Malawi angakusekeni nacho.

Makina amodzi abwino okokera ndi kupanira zitsulo amadya madola masauzande makumi angapo. Fizi ya ophunzira 1,000 ingagule amodzi, mwina awiri, pamene madipatimenti ofuna zipangizo ndi ambiri: la zomangamanga, la zamakina, la zamagetsi, la za migodi, la zipangizo za m'chipatala. Kuti onse akwanire pafunika kusonkha zaka zambiri. Digiri ya uinjiniya kwathu kuno ndi ya zaka zisanu, ndiye amene wayamba kusonkha lero akhoza kuvala gauni makina ake asanatsike pa doko. Mukamuuza kuti akuthandiza azing'ono ake, adzakufunsani kuti nanga bwanji pa risiti panalembedwa kuti ndi ndalama ya mapulakitiko ake.

Vuto lachiwiri ndi la amene amatsala kunja. Kevin Stange wa ku University of Michigan anafufuza mayunivesite a boma a ku America amene anayamba kulipiritsa mosiyana malinga ndi maphunziro, ndipo anapeza kuti fizi ya uinjiniya ikakwera, gawo la ophunzira otenga digiri ya uinjiniya limatsika. Ngati zimatero kumeneko, kuli bwanji kwa mwana wa ku CDSS ya ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene wakhoza masamu ndi fizikisi m'sukulu yopanda labotale, makolo ake akudalira chimanga ndi mbuzi ziwiri? Iyeyu sadzakangana ndi aliyense. Adzangolemba maphunziro otchipa pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite, ndipo palibe adzadziwe kuti dziko lataya injiniya. Atsikana, amene ali kale ochepa m'makalasi amenewa, ndi amene banja limayamba kuwaganizira kawiri ndalama ikachepa.

Pali yankho lakuti ngongole ya boma idzatseka mpatawo. Bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limabwereketsa ndalama za fizi ndi zodzisamalira kwa ophunzira osowa, koma opempha amachuluka kuposa ndalama zimene lili nazo, ndipo likuthamangitsabe anthu amene anakongola kalekale, ena kuyambira m'ma 1980. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi ichi: kandalama ka labotale kakalembedwa padera, kosakhala mbali ya fizi yeniyeni, ngongole ikhoza kusakakhudza, n'kutsala kuti kholo likapeze lokha. Kakalowa m'ngongole, ndiye kuti boma lomwelo ndi limene likulipira lero, kungoti ladutsira njira yaitali.

Ndiye pali ndale zake. Mu 2016 University of Malawi itakweza fizi, ophunzira anatuluka m'misewu, makoleji anatsekedwa, ndipo ku Zomba ulendo wa Jill Biden, mkazi wa amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America nthawi imeneyo, unasokonezeka chifukwa cha zionetserozo. Pamapeto pake Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti fiziyo itsitsidweko. Ku South Africa, zionetsero za FeesMustFall zinayambira pa yunivesite ya Wits mu Okutobala 2015 chifukwa cha kukweza fizi ndi 10.5 peresenti, n'kufalikira dziko lonse. Semesita imodzi yotsekedwa imawonongetsa ndalama zoposa zimene fizi ya labotale ingasonkhetse pa zaka zingapo.

Komabe sindikuitaya njirayi. Pa zoyendetsera tsiku ndi tsiku, kandalama kochepa kamagwira ntchito kuposa njira ina iliyonse, chifukwa kamabwera pa nthawi yake ndipo wophunzira amaona ndi maso ake simenti ndi mawaya zimene walipirira semesita yomweyo. Chimene chimaipha ndi chimodzi: ikalowa mu akaunti yaikulu ya yunivesite, mwezi umene ndalama za boma zachedwa imakalipira madzi, magetsi ndi alonda. Palibe woipa mtima pamenepo, ndi mmene nyumba yanjala imakhalira. Mbewu yosungidwa m'nkhokwe imodzi ndi chakudya siona dzinja.

Kukweza fizi ya onse pang'ono

Mwachizolowezi, ophunzira olowa kuchokera ku sekondale m'yunivesite imodzi ya boma amalipira mofanana, kaya akuphunzira za akaunti kaya za magetsi. Izi zikutanthauza kuti maphunziro otchipa amanyamulako okwera mtengo mwakachetechete. Pa MUBAS, imene inali Polytechnic mpaka University of Malawi itagawidwa mu 2021, ophunzira za ubizinesi ndi ambiri, ndipo kuwaza mtolo pa mitu yonse kumaupepukitsa. Mwana wosauka sasankha maphunziro poyang'ana mtengo. Kuipa kwake n'kwakuti ndalamayo ilibe dzina, labotale imaima pa mzere limodzi ndi zofuna zina zonse, ndipo kukweza fizi ya aliyense kumakwiyitsa aliyense. Pa yunivesite ngati MUST, kumene maphunziro ambiri ndi a sayansi, wonyamula mnzake amasowa.

Boma lizipereka molingana ndi mtengo wa maphunziro

Fizi imene wophunzira amalipira m'yunivesite ya boma ndi kagawo chabe ka mtengo weniweni womuphunzitsira. Zotsalazo amalipira ndi okhoma msonkho. Ndiye funso lenileni ndi lakuti ndalama za bomazo zimagawidwa motani. Ku England, fizi ya ophunzira a m'dzikomo ili ndi malire amodzi, amene anakhala pa mapaundi 9,250 kwa zaka zingapo kuyambira 2017, kaya munthu akuphunzira ndakatulo kaya uinjiniya. Kusiyana kwa mtengo kumatsekedwa ndi ndalama yapadera imene boma limapereka kudzera ku Office for Students, bungwe loyang'anira mayunivesite kumeneko, pa maphunziro ofuna labotale. Kenya inayesa njira yowerengera mtengo wa maphunziro aliwonse payekhapayekha kuyambira 2017, koma boma silinkakwanitsa kupereka gawo limene linalonjeza, mayunivesite anamira m'ngongole, ndipo mu 2023 anasintha kachitidwe konse. Australia inapita mbali ina: mu 2021 inatsitsa ndalama imene wophunzira wa uinjiniya ndi sayansi amalipira, n'kukweza kwambiri ya maphunziro ena monga mbiri yakale, pofuna kukokera achinyamata kumene dziko likufuna antchito.

Pa chilungamo, njira iyi ndi yopambana zonse. Mlatho umene injiniya adzamange udzawolotsa aliyense, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu. Koma phunziro la ku Kenya ndi lowawa: kulemba chiwerengero chabwino pa pepala n'kosavuta, kutulutsa ndalama ku Capital Hill ndi nkhani ina. Ndalama za boma zikafika, malipiro a antchito amadya gawo lalikulu, ndipo makina ndi amene amayamba kuuzidwa kuti adikire chaka chamawa chifukwa sachita sitalaka.

Msonkho wapadera

Apa pali chitsanzo chapakhomo. Kuyambira pa lamulo la 1999, olemba ntchito m'Malawi amapereka ndalama ku TEVETA, pakadali pano 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Ku Nigeria kuli TETFund, thumba lodzazidwa ndi msonkho wa pa phindu la makampani, limene limamanga nyumba ndi kugula zipangizo m'mayunivesite a boma. Ghana ili ndi GETFund kuyambira 2000, imene imadalira 2.5 peresenti yotengedwa pa malonda. Mphamvu ya matumba otere ndi yakuti ndalama ili ndi dzina kuyambira pa chiyambi ndipo ndi yochuluka moti ingagule makina aakulu.

Kwa ife mafunso ndi awiri. Makampani olembetsedwa amene amakhoma msonkho mokhulupirika ndi ochepa, ndipo ndi omwewo amene amabwereredwa nthawi zonse. Kuwaonjezera msonkho wina kumakathera pa mtengo wa shuga ndi sopo. Ndipo kutenga gawo la ndalama za TEVETA n'kupatsa mayunivesite kungakhale kulanda mmisiri kuti injiniya adye, pamene injiniya mmodzi amafuna amisiri ambiri kuti pulani yake isanduke nyumba.

Ngongole ndi thandizo lakunja

Tinene zoona: makina aakulu ambiri amene ali m'masukulu athu anabwera mwa njira iyi. Polytechnic yeniyeniyo inayamba mu 1965 ndi thandizo la America. MUST, pa Ndata ku Thyolo, inamangidwa ndi ngongole ya banki ya Exim ya ku China ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 2014. African Development Bank inapereka ndalama za pulojekiti ya HEST, imene inamanga ndi kuika zipangizo ku Polytechnic, Chancellor College, Mzuzu University ndi makoleji a ntchito zamanja a Lilongwe, Soche, Nasawa ndi Salima. World Bank inabwera ndi Skills Development Project mu 2014, kenako SAVE mu 2021, ya madola 100 miliyoni.

Ubwino wake palibe wofanana nawo: ndalamazi zimabwera m'madola, zambiri nthawi imodzi, zimene ndi ndendende zimene makina aakulu amafuna. Palibe kholo limene limagulitsa mbuzi.

Koma pulojekiti ili ndi tsiku lotsekera. Imagula makina, imaphunzitsa tekinishani kwa milungu ingapo, akuluakulu amadula riboni, basi. Patapita zaka zochepa chitsimikizo cha wogulitsa chimatha, laisensi ya pulogalamu yoyendetsera makinawo imafuna kulipiridwanso m'madola, tekinishani uja wapeza ntchito ya malipiro abwino ku mgodi, ndipo mu bajeti mulibe mzere wa zokonzera. Palinso chizolowezi chogula makina apamwamba kwambiri chifukwa ndalama ilipo, pamene kalasi ya ophunzira 80 ikanapindula kwambiri ndi timakina makumi awiri tosavuta toti aliyense agwire, kusiyana ndi chimakina chimodzi choti onse azichionera patali ngati maliro a mfumu. Ndipo gawo limene lili ngongole adzabweza ndi ophunzira omwewo akadzayamba kukhoma msonkho.

Apa mpamene njira ziwiri zimakumana. Chimene thandizo lakunja limalephera, ndicho kusamalira makina chaka ndi chaka, ndi chimene kafizi kochepa kamatha. Chimene kafiziko sikangathe, ndicho kugula makinawo, ndi chimene thandizo lakunja limatha.

Makampani ndi mphatso zawo

ESCOM, EGENCO, mabungwe a madzi, Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, makampani a matelefoni, a simenti ndi omanga misewu ndi amene amalemba ntchito mainjiniya athu. Akalandira munthu amene sanagwirepo chipangizo, amamuphunzitsa okha kwa chaka kapena kupitirira, ndiye kuthandiza labotale n'kudzithandiza. Thandizo lawo labwino kwambiri nthawi zambiri si ndalama koma khomo lotsegula. Palibe yunivesite ingagule makina opangira magetsi ngati a ku Nkula, Tedzani kapena Kapichira, koma wophunzira wa pa atachimenti amawaona akugwira ntchito, n'kumva ndi makutu ake mmene amalirira akakhala ndi vuto. Malire ake ndi akuti malo a atachimenti ndi ochepa, ndipo ena amathera miyezi yawo yonse akutumidwa kukafotokopa.

Mphatso za makina akale zimafuna diso lakuthwa. Magetsi athu ndi a 230 volts pa 50 hertz, pamene ku America zipangizo zambiri zimapangidwira 120 volts pa 60 hertz. Mota yopangidwira kumeneko ikhoza kuyenda mochedwa, kutentha kapena kupsa. Makina amene kampani yawapanga inasiya kupanga zosinthira zake ndi chitsulo chongodzaza malo. Wolandira afunse zinthu zitatu asanathokoze: buku lake lilipo, zosinthira zikupezeka kuti, ndipo mtengo wonyamulira ndi wowombolera pa chipata ndi wa ndani. Kukana mphatso kumachititsa manyazi, koma kusunga chimtembo cha makina m'chipinda chimene chikanakhala kalasi kumawononga kwa zaka.

Matumba osungitsa ndalama kuti zizibala, monga limene MUST inakhazikitsa, ndi anzeru, koma pamene mitengo ya zinthu yakhala ikukwera kupitirira 20 peresenti pa chaka kuyambira 2022, phindu lake limathamangitsana ndi mphepo. Ndi mtengo wodzala lero kuti adzukulu adzakhale pa mthunzi, sungagule oscilloscope ya semesita ino.

Labotale izidzidyetsa yokha

Iyi ndi njira imene ndimaona kuti siipatsidwa ulemu woyenera. Kontilakita aliyense womanga nyumba yosanja, mlatho kapena msewu amafunika kuyezetsa konkire, zitsulo ndi dothi. Kuyeza kwa CBR, kumene kumasonyeza ngati dothi lingasenze msewu, kumachitika pa makina omwewo amene wophunzira wa chaka chachitatu amaphunzirira. Makampani a migodi amafuna kuyezetsa miyala, obowola mijigo amafuna kuyezetsa madzi. Labotale ya yunivesite ikamagwira ntchito zimenezi, makina sachita dzimbiri, matekinishani amapeza kangachepe kowasunga pa ntchito, ndipo wophunzira amaona konkire yeniyeni ya pa malo omanga, imene nthawi zina imasweka pa nambala yochititsa mantha. Phunziro limenelo mulibe m'buku.

Pali zoti zikhalepo. Zotsatira zimakhulupiridwa ngati makina amayezedwa pafupipafupi ndipo labotale ili ndi chiphaso chovomerezeka, monga cha ISO 17025, chimene chimafuna ndalama ndi mwambo wolemba chilichonse. Pali opikisana nawo: labotale ya unduna woona za misewu ndi zomangamanga, Malawi Bureau of Standards, ndi malabotale a anthu wamba. Pali chiopsezo chakuti kasitomala wolipira azitsogola, wophunzira n'kumauzidwa kuti abwere mawa. Ndipo kontilakita amene konkire yake yalephera amadziwa kulankhula mokoma ndi tekinishani wa malipiro ochepa. Njirayi imathandiza kwambiri a zomangamanga ndi a migodi. A zamagetsi ang'onoang'ono alibe makasitomala otere. Ngakhale zili choncho, pa ndalama zokonzera makina, iyi imatha kuchepetsa kwambiri zimene zikanapemphedwa kwa kholo, malinga ngati gawo lodziwika la ndalamazo likutsala mu dipatimenti imene yazigwirira ntchito. Zonse zikamapita ku likulu la yunivesite, palibe tekinishani adzabwere Loweruka kudzaswa konkire ya munthu wina.

Kuchepetsa zofunika kugula

Kuchokera ku Chichiri kupita ku Ndata ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuchepera. Soche Technical College ili mu mzinda womwewo ndi MUBAS. Palibe chifukwa choti sukulu iliyonse ikhale ndi chimakina chake chodula chimene chimagwira ntchito milungu iwiri pa chaka. Basi ndi dizilo n'zotchipa kuposa makina achiwiri. Chimavuta ndi ulemerero, aliyense amafuna chake choonetsa alendo, komanso funso lakuti akawononga ana a eni alipire ndani. Zimenezi zimatheka ndi pangano lolembedwa.

Pa zamagetsi zinthu zinatchipa kwambiri. Kabolodi ka Arduino, multimeter yoyezera magetsi ndi timagawo tochepa zimakwana m'thumba, ndipo wophunzira akhoza kuyeserera ku hostelo usiku. Mapulogalamu oyeserera ndi kuwerengera pa kompyuta ngati LTspice, Octave ndi Scilab ndi aulere. Kuyendetsa labotale yakutali kudzera pa intaneti kunayesedwa kale mu Africa: pulojekiti ya iLabs ya yunivesite ya MIT ya ku America inagwira ntchito ndi mayunivesite a Makerere, Dar es Salaam ndi Obafemi Awolowo. Izi zimathandiza kuti wophunzira afike pa makina enieni atamvetsa kale chimene akukachita. Koma pa kompyuta waya satentha, chitsulo sichidumpha, chala sichipsa. Munthu amene sanamvepo fungo la mota ikupsa sadzalizindikira pa fakitale. Ndipo mabungwe ovomereza madigiri a uinjiniya, kaya ndi Malawi Engineering Institution kaya a m'mayiko a mu Washington Accord, pangano lovomerezana madigiri a uinjiniya, monga ECSA ya ku South Africa, amafuna kuona kuti wophunzira anagwiradi zipangizo ndi manja.

Palinso kudzipangira. Chipinda chopangiramo zinthu chimene Polytechnic inatsegula mogwirizana ndi Rice University ya ku Texas, yunivesite imene inathandizanso kupanga Pumani, makina othandiza ana akhanda kupuma amene anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth, chinaonetsa kuti ophunzira athu amatha kupanga zinthu zogwira ntchito ndi zipangizo zopezeka konkuno. Ngalande yoyesera kayendedwe ka madzi, chimango choyesera kupindika kwa chitsulo, bolodi yophunzirira kulumikiza mota: zonsezi gulu la chaka chomaliza likhoza kupanga ngati pulojekiti yawo, n'kusiyira a m'mbuyo. Sizingalowe m'malo mwa makina ofuna kulondola kwambiri, koma zophunzitsira mfundo zoyambira zimakwana, ndipo zikawonongeka wozikonza ali pomwepo.

Ndikanafunsidwa ine

Makina aakulu ndikanawasiyira boma ndi mapulojekiti a madola, koma ndi lamulo lakuti palibe kugula chipangizo popanda kusonyeza kumene ndalama zochisamalira kwa zaka zisanu zidzachokere, ndi dzina la udindo wa munthu wochiyang'anira. Zokonzera ndikanazifuna poyamba ku ntchito zoyezera makontilakita. Fizi yoonjezera ndikanaivomera pa zotsala zokha, zimene wophunzira amamaliza ndi manja ake m'semesita, ndipo ikhale yaing'ono moti singasinthe maganizo a mwana posankha maphunziro.

Kholo kapena mtsogoleri wa ophunzira amene wapatsidwa kalata ya fizi yotereyi ali ndi mafunso oyenera kufunsa asanakwiye komanso asanavomere. Ndalamayi ikhala mu akaunti yakeyake kapena isakanizidwa? Ndani asayinire ikamatuluka, ndipo pa osayinirawo pali wophunzira ndi tekinishani? Ngongole ya HESLGB ikhudza ndalamayi, ndipo amene alibe ngongole koma ndi wosowa achita bwanji? Wa chaka choyamba, amene nthawi yambiri ali pa masamu m'kalasi, alipira mofanana ndi wa chaka chachinayi? Ophunzira amene analowa kale asanamve za mtengowu akhudzidwa, kapena uyambira pa olowa kumene? Semesita ikatha popanda pulakitiko ngakhale imodzi chifukwa cha magetsi kapena sitalaka, ndalamayo ibwezedwa?

Funso limene limaulula zambiri ndi lophweka kuposa onsewa: pemphani mndandanda wa makina amene alipo kale, osonyeza amene akugwira ntchito, amene anaima, ndi chimene chinawaimitsa. Mndandanda umenewo wodziwa kuulemba si mkulu wa mu ofesi koma tekinishani amene amasunga makiyi a labotale. Mukapeza kuti theka la makina oimawo likudikira kachipangizo ka madola mazana angapo, kapena munthu wodzawayeza, ndiye kuti mtengo umene walembedwa m'kalatamo uyenera kuwerengedwanso kuyambira pamenepo.